Kuvota pa foni, mipando yotembenuka kapena bwalo lakwathu: mpikisano uti uyenera madzulo athu?

Usiku wa fainolo, pa baraka (kashopu ka zakumwa) ya alamu anga ku Ulongwe, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, sipapezeka pokhala. Mabenchi amadzaza dzuwa lisanalowe, anyamata amakhalira makreti a zakumwa, ana amapanikizana pa zenera, ndipo alamuwo amayamba ayang'ana kaye manambala a pa mita ya magetsi ya Credelec kuopa kuti magetsi angathere pakati pa nyimbo. Ndaonera mipikisano ya kuimba pamenepa zaka zambiri, ndipo mathero ake sasintha. Wolengeza akangotchula dzina la wopambana, ena amalulutira, ena amadzuka ndi liwu limodzi: "Atibera!" Mkanganowo umagona, m'mawa n'kudzukira pa msika, m'chapa (minibasi) ya ku Tete, ngakhale pakhomo pa tchalitchi.

Ine ndimaphunzitsa kwaya, choncho mkangano ukafika povuta amatembenukira kwa ine kuti ndigamule ngati wopambanayo adaimbadi bwino kuposa mnzake. Nthawi zambiri ndimavomereza kuti ayi, wina adaimba bwino koposa. Koma kuvomereza kumeneko sikutanthauza kuti padali kuba. Wogula chimanga ndi chitini ndi wogula ndi sikelo sangamvane pa mtengo asanagwirizane za muyeso, ndipo mipikisano imeneyi nayo ili ndi miyeso yosiyana. Wina umayeza mawu, wina umayeza kuchuluka kwa kredito m'mafoni a anthu, wina umayeza misozi. Munthu akadziwa chimene chikuyezedwa, amadziwanso poika mtima wake, mamega ake ndi ndalama zake.

Chandichititsa kulemba ndi mwana wa mlongo wanga, mtsikana wa zaka 19 amene amaimba soprano m'kwaya mwathu. Tsiku lina tikuchokera kophunzira nyimbo adandifunsa kuti, "Amalume, ine ndikufuna kuyesa mwayi. Ndikalembetse kuti?" Sindidamuyankhe tsiku lomwelo. Ndidafuna kuyamba ndasanthula njira zonse zimene ife a kuno timazidziwa, kaya ngati oonera kaya ngati ofuna kukwera pa siteji.

Ndiyambe ndi mipikisano ya ku Maputo, chifukwa ndi imene imatipweteka mtima kwambiri. Ambirife tidadziwa za gala (usiku wa mpikisano pa siteji), za kasitingi (kuyesa ofuna kulowa mumpikisano) ndi za kuvota pa foni kudzera mu Fama Show ya pa STV. Ubwino wa mipikisano ya mtundu umenewu ndi woonekeratu: ndi ya dziko lathu, nambala yovotera imagwira pa foni yomwe uli nayo m'thumba, kaya ndi ya Vodacom, Movitel kapena Tmcel, ndipo pansi pa dzina la woimba pakalembedwa kuti ndi wa ku Tete, baraka yonse imakhala ngati mwanayo adabadwira kuseri kwa nyumba yathu. Tsiku limenelo palibe amene amafunsa ngati ndi Mnyungwe wa mumzinda, Mngoni wa ku Domwe kapena Mchewa wa ku Furancungo. Ndi wathu basi. Chisangalalo chimenecho sindichipeputsa, chifukwa ife a kumalire kuno kawirikawiri timamva ngati Maputo ali kutali kuposa Lilongwe, ndipo m'makilomita n'zoonadi.

Vuto lili pa kavotedwe. Kuvota kwa SMS sikuwerenga anthu, kumawerenga mauthenga. Pamene palibe malire, munthu mmodzi wa ndalama atha kutumiza mauthenga ochuluka kuposa mudzi wathunthu. Kalembera wa 2017 adapeza kuti chigawo cha Tete chidali ndi anthu opitirira 2.5 miliyoni, pamene mzinda wa Maputo ndi wa Matola uliwonse udali ndi anthu opitirira pang'ono 1 miliyoni. Ndiye si kuti ndife ochepa ayi. Kusiyana n'kwakuti kumeneko nyumba zambiri zili ndi TV ndi magetsi ndiponso ambiri amalandira malipiro pa mwezi, pomwe kuno midzi yambiri ikudalirabe kasola ka pa denga, ngakhale kuti damu la magetsi la Cahora Bassa lili m'chigawo chathu chomwechi. Ndalama yathunso imayendera nyengo. Fainolo ikagwa m'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, chimanga chili m'munda, fodya asanagulitsidwe, mbatata ya kachewere isanakumbidwe, palibe wa nzeru zake amene angaphe ndalama ya mchere chifukwa cha woimba. Mwana wathu amatuluka mu mpikisano osati chifukwa cha mawu, koma chifukwa kwawo kudali njala mwezi umenewo.

Ndidaona ndi maso anga mayi wina wogulitsa tomato akuthira phindu la tsiku lonse m'foni kuti avotere mnyamata amene adamukonda. Adakhala pa benchi yakutsogolo, chala chili pa batani, kutumiza, kudikira yankho, kutumizanso. Netiweki idali yolemera usiku umenewo, ndipo mauthenga ena adayankhidwa kuvota kutatsekedwa kale, koma kredito idadyedwa. Adangoti, "Achimwene, ndiye kuti ndalama zangazi zapita kuti?" Ndidasowa chomuyankha. Zoterezi sizichitika kuno kokha. Mu 2009 ku South Africa, mpikisano wa Idols udalengeza Sasha-Lee Davids ngati wopambana, kenako n'kudziwika kuti mavoti ambiri a SMS adafika mochedwa osawerengedwa, ndipo atawawerenga zidaoneka kuti Jason Hartman ndiye adali patsogolo. Eni mpikisano adavomera poyera n'kupereka ulemuwo kwa onse awiri. Ine nkhaniyi imandiuza zinthu ziwiri: makina amalakwitsa, komanso mpikisano wodzilemekeza umaulula ukalakwitsa.

Choncho kwa wofuna kuvota, pali zofunika kumvetsera wolengeza asanayambe kukuwa kuti nthawi ikutha. Uthenga umodzi ndi meticais zingati? Pali malire a mavoti pa nambala imodzi? Kuvota kukutsekedwa nthawi yanji? Mavoti a anthu ndi okhawo ogamula, kapena amaphatikizidwa ndi mamalikisi a oweruza? Alipo wapadera woona kuti kuwerenga kwayenda bwino? Zimenezi zikapanda kunenedwa momveka, ine ndimaonera koma foni ndimaisiya m'thumba. Zikanenedwa, ndimadzipatsa malire ndisanakhale pa benchi, ndipo ndimavota kumayambiriro, osati mphindi zomaliza pamene dziko lonse likukanganirana netiweki imodzi.

Kwa woimba wa kuno pali phiri lina: chilankhulo ndi mtunda. Nyimbo zambiri za m'magala ndi za Chipwitikizi, za Chingerezi kapena za kumwera, marrabenta, kizomba ndi zina zotero. Mwana wokulira mu nyimbo za Chichewa, amene mawu ake amatseguka bwino akamaimba za maliro kapena za ukwati, amapezeka akulimbana ndi katchulidwe m'malo molimbana ndi nyimbo. Kuchoka ku Ulongwe kukafika mumzinda wa Tete ndi makilomita opitirira 200, ndipo kuchoka ku Tete kukafika ku Maputo ndi opitirira 1,500. Wopita kumeneko afunika ndalama ya ulendo, pogona, zovala, ndi wina womusamalira. Kwa mwana wamkazi funso la womusamalirali ndi lalikulu kuposa onse, ndipo banja lisachite nalo manyazi kulifunsa.

Njira yachiwiri ndi ija ya oweruza a pakamwa pakuthwa, imene tidaidziwa kudzera mu Idols. Mpikisanowu udayambira ku Britain mu 2001 ndi dzina la Pop Idol, n'kufika ku South Africa mu 2002, ndipo kumeneko udatha mu 2023 utachitika maulendo 19. Kuno tinkauonera Lamlungu madzulo kwa amene adabwera ndi dekoda kuchokera ku Joni. Ngati mphunzitsi wa kwaya ndivomere kuti ndidaphunzirako zambiri. Woweruza akamauza mwana kuti wapumira pakati pa liwu, kuti wasankha kiyi yomukwerera, kuti akukuwa m'malo moimba, ndinkalemba m'mutu n'kukagwiritsa ntchito Lachitatu pophunzitsa. Chilungamo chotere n'chosowa kwathu kuno, kumene timaombera m'manja aliyense kuopa kumukhumudwitsa, mpaka munthu amakula osadziwa kuti amatsika kiyi.

Koma padali gawo limene sindidagwirizane nalo, lija loonetsa anthu osatha kuimba kuti dziko liwaseke. Anyamata pa baraka ankalikonda, ankagwa nalo m'mabenchi. Tsiku lina amayi anga adakhala nafe, ndipo ataona mtsikana wina akutuluka misozi ili mbwembwembwe adafunsa kuti, "Kodi mwana wa eni akeyu alibe makolo? Akumunyoza chonchi pamaso pa dziko lonse?" Baraka idati zii. Amayi adalondola kuposa momwe ankadziwira, chifukwa m'mipikisano yotereyi munthu asanafike pamaso pa oweruza a pa TV amakhala atadutsa kale kwa okonza pulogalamu. Ndiye kuti wosekedwayo adachita kusankhidwa kuti akasekedwe. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo ine sindingalole wanga kulowa khomo limene kulephera kwake ndi malonda a wina.

Idols idationetsanso poyera kuti voti imatsata amene ali ndi dekoda. Poyamba inkaonetsedwa pa M-Net, tchanelo ya anthu opeza bwino, ndipo padatha zaka 10 kuti woimba wakuda apambane, pamene Khaya Mthethwa adatenga ulemuwo mu 2012. Si kuti zaka zonsezo kudalibe akuda odziwa kuimba m'dziko la makwaya otchuka ngati limenelo. Mpikisano utasamukira pa Mzansi Magic, oonera adasintha ndipo opambana adasinthanso. Amene amati "atibera" pa baraka ya alamu aziikumbukira nkhani imeneyi.

Tsopano ndifike pa njira imene ndimaikonda koposa zonse za pa TV, ija ya mipando yotembenuka. Dzina lake ndi The Voice, idayambira ku Netherlands mu 2010 ndipo idafalikira m'maiko ambiri, kuphatikizapo Portugal, Brazil, Angola, South Africa ndi Nigeria. Aphunzitsi amakhala atafulatira siteji. Saona nkhope, saona msinkhu, saona nsapato. Amangomva mawu, ndipo amene wakhutira amadina batani mpando n'kutembenuka. Akatembenuka angapo, woimbayo ndiye amasankha amene akufuna kuti amuphunzitse. Makolo adati ukaipa dziwa nyimbo, ndipo pa mphindi ziwiri zimenezo mwambiwu umakwaniritsidwa pamaso pathu. Ndaona kuti oonera nawo amasintha khalidwe. Pa mipikisano ina ndemanga zoyamba zimakhala za diresi, za tsitsi, za mimba. Pa uwu anthu amakhala chete, ena amatsinzina, ndipo mkangano ukabuka umakhala wa nyimbo: wafika pamwamba paja kapena wazemba?

Ndidaiyesa njirayi m'kwaya mwathu pokonzekera Khirisimasi. Tinkafuna wotsogolera nyimbo yolowera, ndipo chaka chilichonse ankatenga ndi atsikana awiri omwewo a mzere wakutsogolo. Ndidauza akomiti anayi kuti atembenuze mipando ayang'ane khoma la kumbuyo, ofuna kuyesa n'kumabwera mmodzimmodzi opanda nsapato kuti mapazi asawaulule. Wachisanu atangoyamba, amayi a tcheya adakweza dzanja mzere woyamba usanathe, enawo n'kutsatira. Potembenuka adapeza kuti ndi mayi wina wa zaka zopitirira 50, wa mzere wakumbuyo, amene wakhala m'kwayamo zaka zambiri osapatsidwako ndime ngakhale imodzi. Amayi a tcheya adagwira pakamwa n'kunena kuti, "Amayi, mawu amenewa mumawasunga kuti nthawi yonseyi?" Iwo adayankha motsitsa kuti, "Palibe adandifunsapo." Tsiku la Khirisimasi adaimba tchalitchi chonse chili duu.

Komabe tisanamizane, kufulatirako kumathera pa gawo loyamba. Pambuyo pake aphunzitsi amaona zonse, amaphatikiza oimba awiriawiri kuti apikisane pa nyimbo imodzi, ndipo kumapeto mpikisano umabwerera m'manja mwa ovota, ndi mavuto onse aja ndatchula. Ofika pa mipandoyo nawo amakhala atasefedwa kale. Ndiye ngati muli ndi mamega ochepa ndipo mukufuna kuphunzira kumva mawu, onerani gawo la mipando. Magawo otsatirawo sasiyana kwenikweni ndi mipikisano ina.

Kunena za mamega kwandifikitsa pa njira imene achinyamata ambiri akuonera masiku ano. Sadikiranso Lamlungu pa baraka. Amaonera tizidutswa ta Got Talent pa Facebook, TikTok ndi YouTube, kapena kutumizirana pa WhatsApp. Mpikisano umenewu ndi wa luso lililonse: kuimba, kuvina, nthabwala, matsenga a manja. Udayamba ku America mu 2006 ndi ku Britain mu 2007, ndipo watipatsa nthawi zonyadira. Daliso Chaponda, wanthabwala wa ku Malawi, adamudinira batani la golide, lodumphitsa munthu mpaka mu semifainolo, mu 2017 ndipo adathera pa nambala 3 ku Britain's Got Talent. Kwaya ya Ndlovu Youth Choir, ya ana a kumudzi ku Limpopo, idafika mu fainolo ya America's Got Talent mu 2019. Ana ovina a Ghetto Kids a ku Uganda adafika mu fainolo ya ku Britain mu 2023. Kanema wa kwaya ya Ndlovu ndidauonetsa kwa oimba anga kangapo, kuti aone kuti kuimba m'chilankhulo chako, kuvina mwa kwanu ndi kumwetulira si uchimidzi, ndi mphamvu.

Chofunika kudziwa n'chakuti kachidutswa ka mphindi zisanu kamakhala kophikidwa. Amayamba ndi mbiri ya umphawi kapena ya matenda, pansi pakulira kanyimbo kachisoni, kenako kamera imapita pa nkhope ya woweruza wodabwa, kenako pa mayi wolira m'gulu. Pofika pa nyimbo yeniyeniyo mtima wako wagwidwa kale. Sindikuti misoziyo ndi yabodza, koma muyeso wa pamenepa ndi nkhani ya munthu pamodzi ndi luso lake, osati luso lokha. Ndiponso kutchuka kwa kachidutswa si kupambana. Woimba Susan Boyle, amene dziko lonse lidamuonera pa Britain's Got Talent mu 2009, adathera pa nambala 2, gulu lovina la Diversity ndilo lidapambana. Chinanso, pa mipikisano ya ku Britain ndi ku America ife sitivota, amavota ndi a komweko. Ndemanga zathu pansi pa kanema sizisintha kanthu, ngakhale titalemba usiku wonse.

Pabweranso mliri wa makanema opeka. Amatenga nkhope za oweruza otchuka n'kuzilumikiza ndi mwana amene sadapondeko pa siteji imeneyo, kapena mwana wopangidwa ndi kompyuta, akuimba mawu osalala mopitirira a munthu. Azakhali anga adanditumizira wotere akulira, ati tione mwana wa ku Africa kuno wagonjetsa azungu. Ndidayang'anitsitsa: milomo simayendera limodzi ndi mawu, mwanayo sapuma paliponse, dzina lake silitchulidwa, chaka sichitchulidwa. Woimba weniweni amapuma, mapewa amakwera, mtsempha wa pakhosi umaoneka. Musanatumize kwa ena, fufuzani ngati kanemayo ali pa tsamba lenileni la mpikisanowo. Mamega ndi ndalama, misozi nayo si yotaya.

Za ku Malawi ndinena mwachidule, ngakhale zili pafupi ndi mtima. Ife a ku Angónia ndi Tsangano timamva wailesi za kumeneko ngati zathu, ndipo ambiri a msinkhu wanga tidaphunzira sukulu ku Dedza kapena ku Ntcheu nthawi ya nkhondo, tisanabwerere mtendere utasainidwa mu 1992. MBC, Times kapena Zodiak zikaonetsa mpikisano, monga udaliri wa Sunbird Search for a Star, agogo amamva zonse popanda womasulira, nthabwala za wolengeza zimafika, ndipo woweruza akati "mwana iwe uli ndi mphatso" mawuwo amalowa mpaka m'mafupa. Pa kusangalala kwa banja lonse pamodzi, palibe njira yoposa imeneyi. Koma kuti uvote ufunika nambala ya TNM kapena Airtel ndi makwacha, zimene ali nazo ndi a m'mbali mwa malire ngati ku Calómuè, Biri-Biri ndi Zóbuè. Ndipo wofuna kupikisana nawo ayambe wawerenga malamulo ake, chifukwa mipikisano ya dziko kawirikawiri imakhala ya nzika za dzikolo. Sindingalangize mwana kubisa kwawo kuti alowe. Akadzapambana, bodzalo lidzamutsata.

Palinso mpikisano umene achinyamata amaunyalanyaza chifukwa udabadwira pa wailesi ya mawu, Ngoma Moçambique ya Rádio Moçambique, imene yakhalapo kuyambira zaka za m'ma 1980. Umenewu ndi wa nyimbo zojambulidwa kale, za oimba a m'dziko muno, ndipo uli ndi mphoto ya woimba watsopano. Kusiyana kwake ndi ina yonse ija n'kwakuti supikisana ndi nyimbo ya munthu wina, umabwera ndi yako. Kwa amene amapeka yekha nyimbo m'Chichewa, khomo ili ndi loyenera kuliganizira kuposa kukaimba nyimbo za eni ake pa gala. Njira yake imayambira pafupi: kujambula nyimbo imodzi mwaukhondo, kuipereka ku wailesi ya m'dera ya ku Ulongwe ndi ku nthambi ya Rádio Moçambique ya ku Tete, imene imaulutsanso m'Chinyanja ndi m'Chinyungwe, anthu n'kuyamba kuipempha okha.

Ndatsiriza ndi bwalo lakwathu dala. Ndikunena mafesitivo a makwaya a m'maparishi ndi m'mipingo, mipikisano ya m'masukulu, ndi Festival Nacional da Cultura imene imayambira m'maboma, kupita ku chigawo, mpaka kukakumana dziko lonse. Kumeneku ndiko ngoma ya Angoni, chintali, nyanga (zitoliro) za Anyungwe ndi gule wamkulu zimaonekera mu ulemerero wake. Gule wamkulu adalemekezedwa ndi UNESCO mu 2005 ngati chuma cha Malawi, Mozambique ndi Zambia, ndipo ndinene pano kuti si chinthu chongonyamula kukaika pa siteji ya TV kuti woweruza wosadziwa mwambo adine batani. Za kudambwe zili ndi eni ake, ndipo akatuluka pa bwalo amatuluka mwa dongosolo la akuluakulu.

Sindikunena kuti pa bwalo palibe kukondera. Kulipo, ndipo kumapweteka kwambiri chifukwa wokonderayo umamudziwa. Kwaya yathu idagwapo pa fesitivo ina pamene aliyense adamva kuti opambanawo adatsika kiyi pa ndime yachiwiri, ndipo mmodzi wa oweruza adali mlamu wa mphunzitsi wawo. Oimba anga adalira m'galimoto njira yonse. Koma taonani kusiyana kwake. Sabata yotsatira ndidapita kwa okonza fesitivoyo, tidakhala pansi, ndidapempha mapepala a mamalikisi, ndipo tidagwirizana kuti chaka chotsatira oweruza achokere ku parishi ina komanso kuti kwaya iliyonse izilandira pepala lake losonyeza mamalikisi a kulowa, kumveka kwa mawu, kugwirizana kwa magulu anayi a mawu ndi kavalidwe. Zidachitikadi. Dandaulo langa lidasintha kanthu. Pa TV ungakuwe mpaka mawu kutha, wolengezayo sakukumva.

Bwalo lili ndi zovuta zake zina. Mphoto ndi yochepa, nthawi zina chikho chokha kapena nsalu. Ndalama ya galimoto ndi yunifolomu imachokera m'matumba mwathu. Zokuzira mawu zimalira ngati mphaka, ndipo amene adakuona ndi okhawo adabwera tsikulo. Wofuna kutchuka msanga sapeza zimenezo pano. Chimene amapeza ndi gulu la anthu amoyo limene silibisa. Ukaimba bwino amayi amadzuka kudzakufupa, nthungululu n'kumveka mpaka kumsewu. Ukaphonya, phokoso la ogulitsa mandasi limakwera, ndipo umadziwa wekha kuti wawataya. Woimba amene sadaphunzire kugwira gulu la pa bwalo la fumbi, magetsi a pa siteji ya ku Maputo adzamuchititsa chizungulire. Ndipo masiku ano bwalo ndi foni zikhoza kuyendera limodzi: mnyamata mmodzi wa dzanja losanjenjemera, ataima pafupi ndi oimba osati pafupi ndi sipika, atha kujambula kanema woti abale a ku Tete, ku Beira ndi ku Joni aonere usiku womwewo.

Kwa oonera anzanga a pa baraka, kagawidwe kanga ndi aka. Mamega anga ochepa ndimawapereka ku mipando yotembenuka ndi ku makwaya a pa Got Talent, chifukwa kumeneko ndimatolako nzeru. Voti yanga ndimaisungira mwana wa dziko lino, pa mpikisano umene wanena malamulo ake poyera, ndipo siipitirira mtengo wa botolo limodzi la chakumwa. Madzulo a banja lonse, agogo ali pompo, timatsegula za Chichewa. Koma ndalama yeniyeni, ija imapweteka potulutsa, ndimaponya m'mbale ya galimoto ya kwaya.

Mwana wa mlongo wanga ndidamuyankha patatha sabata, titakhala pakhonde ndi mayi ake. Ndidamuuza kuti sindikumuletsa za ku Maputo, ndipo kasitingi ikadzafika ku Tete ndidzamuperekeza ndekha pa chapa, titawerenga kaye pepala lililonse limene angamuuze kusaina. Koma ndidamupempha chaka chimodzi. M'chaka chimenechi atsogolere nyimbo pa fesitivo ya parishi, aphunzire nyimbo ziwiri za Chipwitikizi mpaka katchulidwe kakhale ngati madzi, ndipo amalize nyimbo yake ija ya Chichewa imene amaing'ung'udza akamatsuka mbale, tikaijambulitse tikagulitsa mbatata. Adakhala chete nthawi yaitali, kenako adafunsa kuti, "Amalume, nanga ndikadzaima pamenepo mpando osatembenuka?" Mayi ake ndiwo adayankha, ati adzabwerera pa chapa yomweyo ndipo Lachitatu adzapezeka ku kwaya monga mwa masiku onse. Lamlungu likubwerali ndiye akutsogolera nyimbo ya chopereka koyamba, ndipo mchimwene wake wabwereka kale foni ya kamera yabwino kwa alamu.